Chuma Chosafa ndi Mwini Wake

Ku Denmark kunali wofulula mowa, dzina lake J.C. Jacobsen, amene m'chaka cha 1876, poona kuti chuma chake chachuluka pamene masiku a munthu ali owerengeka, anakhazikitsa bungwe la Carlsberg Foundation. Ndipo pomwalira mu 1887 sanasiyire mwana wake fakitale, koma anaipereka m'manja mwa bungwelo, kotero kuti kufikira lero kampani ya Carlsberg ili pansi pa ulamuliro wake, ndipo gawo la phindu limanka kwa akatswiri ofufuza za chilengedwe, mbiri ndi zilankhulo. Oyang'anira bungwelo asanu sasankhidwa ndi achibale kapena andale, koma ndi msonkhano wa anthu ophunzira wotchedwa Royal Danish Academy of Sciences and Letters. M'nyumba yofufuziramo ya Carlsberg ndimo katswiri wina, dzina lake Sørensen, anatulukira muyeso wa pH mu 1909, umene alangizi athu amapimira nthaka, ngakhale ambiri sadziwa kuti unabadwira pafupi ndi mbiya za mowa. Mwana uja, Carl, nayenso anakhazikitsa bungwe lake mu 1902, losamalira zojambula ndi zosema.

Kwathu kuno kupatsa nkuika, ndipo ndani angatinene kuti ndife ouma manja? Maliro akagwa, mwini golosale amatumiza thumba la ufa, mwini galimoto amanyamula bokosi osawerengera mafuta, ndipo pamanda, amfumu powerenga chipepeso, dzina la wopereka limamveka pamaso pa khamu lonse. Thandizo lotere silidikira kalata kapena msonkhano wa komiti. Limafika misozi isanaume, ndipo pamenepo, kunena zoona, tiposa azungu. Koma tsoka lake nlakuti limaikidwa m'manda limodzi ndi mwini wake, pakuti mwambo wa kumeta ukangotha, abale nagawana katundu, mwana wamasiye amene malemu ankamulipirira fizi amabwezedwa pakhomo pa sukulu. Komanso amene akufufuza matenda a chinangwa, kapena akulemba nyimbo za agogo zisanaiwalike, sapita kwa wamalonda, podziwa kuti adzamufunsa ngati kwawo kwagwa zovuta.

Sikuti njira inayo njachilendo konse pakati pathu. Dr. H. Kamuzu Banda anakhazikitsa Press Trust mu 1982, bungwe limene lili ndi masheya mu Press Corporation, ndipo phindu lake lamanga midadada ya sukulu ndi zipatala m'maboma ambiri. Press Corporation yomweyo inali ndi gawo m'kampani ya Carlsberg ya ku Blantyre, kumene fakitale yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark inatsegulidwa mu 1968. Chimene Jacobsen anachita ndi dzanja lake asanatsikire kuli chete, kulekanitsa nkhokwe ndi mwini wake, kuno chinadikira kusintha kwa boma, lamulo la Nyumba ya Malamulo la mu 1995, ndi milandu ya kukhoti.