Kuthira nsomba mumtsinje sikuchulukitsa nsomba

Anthu akamva kuti ndimagwira ntchito ya nsomba za trout, amayamba ndi funso la nyambo: nsomba ingadye bwanji nthenga? Pa usodzi umenewu, womwe umatchedwa fly fishing, sitikumba nyongolotsi. Timamanga nthenga, ubweya ndi ulusi pa kambedza mpaka kafanane ndi kachirombo komwe nsomba zikudya tsikulo. Nyamboyo ndi yopepuka moti payokha singapite patali. Cholemera ndi chingwe, ndipo ndicho chimainyamula kukaitera pamadzi. N'chifukwa chake tisanaponye timayamba tavundukula miyala ya mumtsinje kuti tione tizirombo tili pansi pake.

Funso lachiwiri ndi lomwe timakangana nalo ngakhale ife eni ntchito: nsomba zikachepa, bwanji osangoswetsa zina m'maiwe n'kukazithira mumtsinje?

Boma la Montana ku America linkachita zomwezo kwa zaka zambiri, mpaka katswiri wake Dick Vincent anaganiza zowerenga nsombazo. Chigawo china cha mtsinje wa Madison anasiya kuthiramo, pomwe kamtsinje ka O'Dell, komwe sikankathiridwa, anayamba kukathira. Ku Madison trout zobadwira mumtsinje zinachuluka, ku O'Dell zinachepa. Mu 1974 Montana inasiya kuthira trout zoweta m'mitsinje yomwe nsombazo zimaswana zokha, ngakhale owedza ambiri anakwiya poopa kuti mitsinje itha nsomba.

Chifukwa chake n'chosavuta. Trout yoweta imakulira m'thanki mothithikana, chakudya chikugwa kuchokera kumwamba. Sidziwa kubisala, sithawa chithunzithunzi cha mbalame. Ili ngati nkhuku yachizungu yomwe mwaitayira pakati pa zachikuda: imalimbirana malo, imasokoneza zinzake, koma sichedwa kufa. Ikamafa imakhala itapitikitsa kale eni mtsinje pamalo awo odyera.

Zomwe zapulumuka n'kuswana ndi zamumtsinje zimabweretsa vuto lina. Kafukufuku wa pamtsinje wa Hood ku Oregon, yemwe anatuluka m'magazini ya Science mu 2007, anapeza kuti mbadwo uliwonse woleredwa m'thanki umachepetsa mphamvu yobereka mumtsinje ndi pafupifupi 40 peresenti. Ku England, kuyambira 2015, trout zoweta za mtundu wa brown zothira m'mitsinje zimayenera kukhala zosabereka, kuti zisasakanize magazi.

Sindikunena kuti kuweta n'kolakwa. Trout imaikira mazira pa nsangalabwi zoyera m'madzi ozizira oyenda. M'damu lopanda kamtsinje kotere singaswane, choncho kuthiramo n'koyenera, ndipo mlendo wobwera kudzawedza amasiya ndalama.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi mbali ina. Trout ya mtundu wa rainbow inabwera m'dziko muno mu 1906 kuti azungu aziwedza, ndipo imapezeka m'malo ozizira okha monga pa phiri la Zomba ndi ku Nyika. Ngakhale yobadwira mumtsinje wa Mulunguzi, kwawo kwa makolo ake ndi kumadzulo kwa North America. Imadya tinsomba, anamchidwe ndi tizirombo ta m'madzi. Ku Lesotho trout yapanikiza kansomba kotchedwa Maloti minnow, komwe tsopano kali pachiopsezo chotha. Choncho kamtsinje ka m'phiri komwe mulibe trout ndimati kasiyidwe choncho.

Komwe ilimo kale, kuchuluka kwake kumadalira mtsinjewo. Mitengo ya m'mbali ikadulidwa, madzi amafunda, ndipo akapitirira madigiri 20 trout imayamba kuvutika. Moto wolusa ukadutsa, mvula yoyamba imakokolola dothi n'kukwirira nsangalabwi, mazira n'kufa posowa mpweya. Mukathira nsomba m'madzi otere mwangotaya ndalama. Wondifunsa kuti agule mbewu ya nsomba yochuluka bwanji ndimamuyankha kuti tiyambe tayeza kutentha kwa madzi ndi kuyendera magombe, ndipo nthawi zambiri ndalamayo imathera ku mbande za mitengo ndi kulambula njira zotchinga moto.