Kodi Kampani Ikalephera Kulipira Nkhongole, Lamulo Likuti Bwanji?

Anthu okhala m'tauni ya Kafue amadziwa bwino mavuto amene amabwera kampani ikagwa. Tauni imeneyi inakula cifukwa ca mafakitale a boma, monga Kafue Textiles yoomba nsalu, ndi Nitrogen Chemicals of Zambia yopanga feteleza, imene inayamba nchito mu 1970.

Zinthu zinasintha pambuyo pa caka ca 1991, pamene boma linatsegula misika ndi kuyamba kugulitsa makampani ake. Salaula ndi nsalu zochipa zocokera kunja zinadzaza m'misika, ndipo Kafue Textiles inalephera kupikisana nazo mpaka makina ake anaima. Anchito a ku Nitrogen Chemicals nawonso ankakhala miyezi yambiri osalandira malipiro. Eni nyumba za lendi ndi amalonda a pa msika anavutikira limodzi nawo.

Masiku ano nkhani zotere zimayendetsedwa ndi lamulo la Corporate Insolvency Act, nambala 9 la caka ca 2017. Lamuloli limapereka njira zinayi.

Njira yoyamba, imene inabwera ndi lamulo limeneli, ndi yopulumutsa kampani isanagwe. Imagwira nchito ngati zikuoneka kuti kampani ingalephere kulipira nkhongole zake m'miyezi isanu ndi umodzi ikubwera, koma pali ciyembekezo cakuti ingacire. Kampani yokha ingaiyambitse, koma wokongoza, wanchito kapena bungwe la anchito angapemphenso Khoti Lalikulu kuti lilamule zimenezi. Katswiri amasankhidwa kuti ayang'anire kampaniyo ndi kulemba pulani yoitsitsimutsa, ndipo okongoza amavotera pulaniyo. Pa nthawi imeneyi milandu ya nkhongole imayamba yaima, kuti kampani ipeze mpata wokonza zinthu.

Njira yaciwiri ndi cipangano pakati pa kampani ndi amene anaikongoza. Iwo angavomere kulandira ndalama zocepa kapena kulipidwa pang'onopang'ono. Ambiri mwa iwo akavomereza ndipo khoti likasindikiza, cipanganoco cimamanga onse, ngakhale amene anakana. Kampani ya migodi ya Konkola Copper Mines, imene inatengeredwa ku khoti mu 2019 kuti ithetsedwe, inapulumuka mwa njira imeneyi mu 2024, ndipo inabwerera m'manja mwa kampani ya Vedanta.

Njira yacitatu imakhudza wokongoza amene ali ndi cikole, kawirikawiri banki. Iye amasankha munthu woti atenge katundu wa cikoleyo, amuyendetse kapena amugulitse kuti nkhongole ibwezedwe. Colinga cacikulu ca munthu ameneyu ndi kubweza ndalama za amene anamusankha.

Njira yomaliza ndi kuthetseratu kampani, monga zinacitikira ndi Zambia Airways mu 1994. Katundu yense amagulitsidwa, ndalama zimagawidwa motsatira ndondomeko ya lamulo, ndipo dzina la kampani limafafanizidwa m'kaundula wa PACRA. Okhala ndi cikole amadalira katundu wa cikole cawo. Malipiro ena a anchito ndi misonkho ya boma zimabwera patsogolo pa okongoza wamba, pamene eni masheya amalandira pomaliza, ngati pali cotsala. Nthawi zambiri wogulitsa katundu ku kampani pa nkhongole popanda cikole amapeza zocepa kwambiri.

N'cifukwa cake nthawi ndi yofunika. Oyendetsa kampani akafuna thandizo katundu akalipo ndiponso makasitomala asanathawe, nchito za anthu zingapulumuke. Akacedwa, kumatsala kugawana zotsalira. Anchito ndi amalonda ayenera kusunga bwino makalata a nchito, mapepala a malipiro ndi malisiti, popeza ndi umboni umene woyang'anira kampani amafuna asanalembe munthu pa mndandanda wa oyenera kulipidwa.