Si ulesi, ndi chithokomiro

Mwamuona mtsikana woyembekezera uja amene amangogona mu minibasi kuchoka pa Katete mpaka ku Sinda? Apongozi ake akuti ndi waulesi. Koma atapimitsa magazi ku St Francis, adokotala anapeza kuti chithokomiro chake, kachiwalo ka pakhosi, sichikutulutsa mahomoni okwanira. Ndiye kutopa, kuzizidwa, kudzimbidwa. Choopsa n'chakuti miyezi itatu yoyamba, ubongo wa mwana umadalira mahomoni a mayi.

Ngati nanunso zili choncho, musaleke levothyroxine. Imwani m'mamawa musanadye, ndipo mapiritsi a ayironi a ku sikelo adikire maola 4. Mimba ikamakula mlingo umafunika kukwera, choncho muzipimitsa magazi mwezi uliwonse. Apongozi azilankhula, inu muzimwa mankhwala anu.