Imelo yanga inali ndi ulemu wonse, koma munalibe pempho

Lero ndikambako za kosi imene ndinkaipeputsa chaka changa choyamba pa yunivesite kuno ku England, ija amati Communication Skills. Nditaiona pa ndandanda wa maphunziro ndinaseka. Ine amene ndinkavuta pa dibeti ku sekondale, wina adzandiphunzitse kuyankhula?

Mu Novembala agogo anga anamwalira kumudzi. Ndinali ndi ntchito yoti ndipereke Lachisanu, koma mutu sunkagwira. Ndinalembera imelo aphunzitsi a phunzirolo. Ndinayamba ndi kuwafunsa za moyo. Kenako ndinayamikira kaphunzitsidwe kawo, n'kupepesa kuti ndawasokoneza. Chakumapeto ndinanena kuti kwathu kwagwa zovuta, n'kuthokozanso. Yankho linabwera lalifupi: pepani, ndikukhulupirira kuti zinthu zikhala bwino. Basi. Ntchito ndinapereka mochedwa, malikisi anandidula. Mumtima ndinati anthu akuno alibe chisoni.

Patapita masabata awiri, a Communication Skills aja anatiuza kuti aliyense abweretse imelo yeniyeni imene anatumizapo. Ine ndinatenga yomweyo, cholinga n'chakuti andiikire kumbuyo. Mayiwo anawerenga mpaka kumapeto, n'kundipatsa cholembera kuti ndidule mzere pansi pa chiganizo chimene ndapempha chinthu. Amwene, ndinafufuza kawiri konse. Munalibe. Palibe pamene ndinati ndiwonjezereni masiku. Choposa apo, mawu akuti imfa munalibenso. Kwathu munthu akati kwagwa zovuta, aliyense amadziwa kuti ndi maliro. Ine ndinangowatembenuzira m'Chingerezi, ndipo aphunzitsi aja anamva kuti kunyumba kuli timavuto, mwina ta ndalama, mwina tokangana.

Tsiku limenelo ndi pamene ndinamva dzina la Edward T. Hall, katswiri wa ku America wofufuza za chikhalidwe cha anthu. M'buku lake la 1976, Beyond Culture, anafotokoza kuti anthu ena uthenga wambiri amausiya kunja kwa mawu: umakhala mwa amene akulankhula, nthawi yake, ubale wawo, ngakhale mu zimene sananene. Ena amafuna kuti zonse zikhale m'mawu momwemo. Ife tinakulira koyambako. Mukapita kwa amalume kukapempha fizi simufikira pa ndalama. Mumakhala pansi, mumalonjerana, mumakamba za mvula, kenako mumangoti sukulu atsegula Lolemba. Amalume amva kale. Koma mphunzitsi amene ali ndi maimelo ambirimbiri, ndipo sakudziwani, sangamve zimene simunalembe.

Sindikuti Hall analondola pa zonse ayi. Angerezi nawonso amazungulira, makamaka akafuna kukukanira. Akakuuza kuti ganizo lako ndi "interesting", usathamangire kukondwa. Kungoti iwo amazungulira pena, ife pena, ndiye timaphonyana.

Anatiphunzitsanso chithunzi cha Claude Shannon, injiniya wa ku Bell Labs amene mu 1948 analongosola mmene uthenga umayendera pa waya: pali wotumiza, pali njira, pali wolandira, ndipo pakati pamalowa phokoso. Iye ankanena za makina, koma m'kalasi anatiuza kuti kwa anthu phokoso ndi chilichonse chotchinga uthenga. Zinandiwawa kuvomereza kuti mu imelo ija phokoso linali ulemu wanga womwe.

Ndiye ndinaphunzira kalembedwe kena. Moni wa mawu ochepa, kenako chiganizo choyamba chinene chimene ndikufuna ndi tsiku lake: ndikupempha masiku 7 owonjezera, ndidzapereka pa 24. Chachiwiri chinene chifukwa, mosabisa: agogo anga amwalira. Kuthokoza kubwere pamapeto. Ndipo inu amene mwangofika kumene, mayunivesite akuno amakhala ndi fomu ya ophunzira amene agweredwa zovuta ngati matenda kapena maliro. Ifunseni msanga, tsiku lisanadutse. Ine ndinaidziwa madzi atafika kale m'khosi.

Ku ntchito nakonso ndinadzigwira. Abwana akandifunsa ngati ndingabwere Lamlungu, ndinkayankha kuti ndiona. Kwathu "ndiona" ndi kukana kwaulemu, eti? Iwo ankandilemba pa ndandanda. Panopa ndimati Lamlungu sinditha, koma Loweruka ndilipo. Lilime limalemerabe, koma sindinaonepo wina atakwiya nazo.

Tsono apa ndi pamene ndinapusa. Nditaona kuti njirayi ikugwira, ndinayamba kuigwiritsa ntchito paliponse. Tsiku lina ndinalembera amalume pa WhatsApp: "Ndalama ya feteleza nditumiza pa 28, osati pa 15." Popanda moni, popanda kufunsa za azakhali amene ankadwala mwendo. Uthenga womveka bwino, wa malikisi onse. Amalume anawerenga, timizere tija tinasanduka tabuluu, koma sanayankhe. Madzulo ake mayi anaimba. "Kodi iwe, amalume ako wawasandutsa kalaliki wako?"

Chomvetsa manyazi n'chakuti kosi ija inali itanena kale zimenezi sabata yoyambirira, ine ndili kalikiliki kuseka: usanalembe, dzifunse kuti akuwerenga ndani, akudziwa kale chiyani, ndipo akuyembekeza kumva chiyani poyamba. Aphunzitsi aja ankafunika pempho poyamba chifukwa sankandidziwa. Amalume tsiku la ndalama silinali vuto kwa iwo. Ankafuna kumva ngati mwana wa mlongo wawo akadali mwana wawo.

Ndinawaimbira Loweruka m'mawa. Tinakamba za mwendo wa azakhali, za mbuzi imene inalowa m'dimba la aneba, za mvula imene inachedwa. Ndinapepesa osatchula chimene ndikupepesera, iwonso anati palibe kanthu osafunsa kuti chiyani. Patatha mphindi 20 anati, "Paja unati pa 28?" Ndinati eya, amalume. Anati chabwino, feteleza adikira.