Mwana ali ngati Ilala: madoko ndi omwewo, nthawi yofikira njosiyana

Munthu wokulira pa Likoma safunika kumuphunzitsa kudikira sitima. Timamanga matumba a usipa dzulo lake, kulawira ku Mbamba, n'kukhala pamchenga maso ali kunyanja. Wina amati ifika masana, wina amati ikutsitsabe simenti ku Nkhotakota, wina amangoyang'ana mafunde n'kunena kuti lero mwera waigwira. Dzuwa limapendeka, ana amagona pazitenje, koma palibe amene amamasula katundu wake n'kubwerera kunyumba. Tonse timadziwa kuti Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, siyendera wotchi ya munthu. Imafika ndithu.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti kudekha komweku kumatithawa ikakhala nkhani ya mwana. Khalani pamzere wa sikelo mumve. "Wanuyu sanayambebe kuyenda? Wanga anayenda ali ndi miyezi 10." Mayi wofunsidwayo amangoseka, koma mawuwo amapita nawo kunyumba. Madzulo apongozi nawo amaponyapo lawo: "Kwathu kulibe mwana wochedwa chotere." Pofika mawa nkhani yakula, ena ayamba kale kuloza zala anansi, ena akuti mwana afunika kamkuzi m'chiuno. Chonsecho mwanayo ali ndi miyezi 12 yokha, akudya bwino, ndipo akuimirira atagwira mtondo.

Taganizani za ulendo wa Ilala popita kumpoto. Imanyamuka ku Monkey Bay, kudzera ku Nkhotakota, kufika kuno, kenako Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya, Ruarwe mpaka Chilumba. Singafike ku Nkhata Bay isananyamuke ku Monkey Bay. Ndandanda wa madoko ndi wodziwika, chimene sichidziwika ndi ola. Thupi la mwana nalo lili ndi njira yake, ndipo imayambira kumutu kutsikira kumapazi. Choyamba kulimba ndi khosi, kenako msana, kenako chiuno, miyendo pomalizira. N'chifukwa chake kuimiritsa mwana amene khosi lake likadali lendelende n'kungodzivuta. Sitima ikadali ku Nkhotakota, inu mwakaidikirira ku Chilumba.

Madoko oyambirira amabwera mothithikana. Mchombo umagwa pa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mwana amatuluka m'chikuta. Pa masabata 6 mpaka 8 amayamba kumwetulira akaona nkhope ya amake, kumwetulira kwenikweni, osati kwa m'tulo kuja. Pa miyezi 3 kapena 4 khosi lalimba. Chapamiyezi 6 dzino loyamba limatuluka, ngakhale ana ena amakwanitsa chaka m'kamwa muli see, ndipo pofika zaka 3 mano onse 20 a ubwana amakhala atakwana. Liwombo, lomwe agogo amaliyang'anira kwambiri, limatsekeka lokha, kawirikawiri mwana akamafika chaka ndi theka.

Nanga ola lofikira limasiyana motani? Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatsatira ana athanzi 816 a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi United States, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2006. Kukhala pansi osagwiriridwa, ena anayamba asanakwane miyezi 4, ena atangopitirira miyezi 9. Kuima okha, ena miyezi 7, ena pafupifupi 17. Kuyenda okha, ofulumira anayamba pa miyezi 8, ochedwa atapitirira miyezi 17. Onsewa anali ana abwinobwino, odya mokwanira. Onani kutalika kwa mpatawo: pakati pa woyamba kuyenda ndi womaliza pali miyezi 9, nthawi yokwanira mimba ina kuyamba mpaka kubadwa. Ndiye mayi amene akunyadira miyezi 10 ndi mnzake amene akudandaula pa miyezi 12 akwera sitima imodzi. Ndipo mwana wobadwa masiku asanakwane, timuwerengere mwachilungamo: ngati anabadwa kutatsala miyezi 2, miyezi iwiriyo tiziichotsa poyerekeza, mpaka akwane zaka 2.

Nthawi zina sitima imadumpha doko laling'ono. Pakafukufuku yemweyo, ana pafupifupi 4 pa 100 alionse sanakwawe n'komwe ndi manja ndi maondo. Ena amadzikhwekhwereza ndi matako, ena amangochoka pokhala n'kugwira khoma. Kusakwawa pakokha si matenda. Komabe ndinenepo kanga: mwana wokhalira kumsana kuyambira m'mawa mpaka madzulo alibe poyeserera. Mbereko ndi yabwino, imamutenthetsa ndipo amake amagwira ntchito mtima uli m'malo, koma muyalireni mphasa pamthunzi, mumugoneke chafufumimba ali maso, inu muli pompo, adzivutikire kudzutsa mutu. Kulimba kwa khosi ndi msana kumachokera pamenepo.

Mwera wa mwana ndi matenda. Malungo amodzi okha amatha kubweza mwana amene anayamba kuyenda dzandidzandi, n'kukhalanso pansi masabata angapo. Kutsekula m'mimba nakonso n'chimodzimodzi, ndipo apa pali bodza limene tonse tinakula nalo, lakuti mwana akutsekula chifukwa cha mano. Dzino silitsekula m'mimba. Chimene chimachitika n'chakuti nthawi yomera mano ndi yomweyo imene mwana amatola chilichonse pansi n'kuika m'kamwa, ndi yomweyonso imene wayamba phala ndi madzi akumwa. Tikanamizira mano timachedwa kumupatsa Thanzi, ndipo liwombo likalowa timathamangira kupakapo mankhwala, pamene kulowa kwakeko kukutiuza kuti m'thupi mwatha madzi. Katemera ali ngati kukonza sitima nyengo ya mwera isanafike: pobadwa, pa masabata 6, 10 ndi 14, kenako wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Wa miyezi 15 uja ndi amene amaiwalika kawirikawiri, poti mwana akayamba kuyenda makolo amaona ngati za sikelo zatha.

Tikaima pamtunda n'kuona kadontho kakuda kutali panyanja, sitifunsa kuti n'kakakulu bwanji. Timafunsa kuti kakusuntha kodi. Mzere umene alangizi a zaumoyo amajambula m'kabuku ka kusikelo tiziuwerenga choncho. Mwana wamng'ono thupi amene mzere wake ukukwera mwezi ndi mwezi ali paulendo. Mwana wonenepa amene mzere wake waima miyezi iwiri kapena itatu, kapena wayamba kutsika, ndiye wofunika kumufunsira, ngakhale masaya akadali phwii. Mwa chizolowezi, kulemera kumene mwana anabadwa nako kumawirikiza kawiri pofika miyezi 5 kapena 6, ndipo katatu akamakwanitsa chaka. Koma kuyeza kamodzi sikunena kanthu. Amene amayang'ana kunyanja kamodzi n'kutembenuka sangadziwe ngati sitima ikubwera kapena ikupita.

Sitima siyenda ndi mbiri yake, imayenda ndi mafuta, ndipo apa ndi pamene ife a pachilumba tiyenera kudziyang'ana bwino. Miyezi 6 yoyamba, bere lokha n'lokwanira, popanda madzi kapena phala, ngakhale kutenthe chotani mu Okutobala. Vuto limayamba pambuyo pake. Nthaka yathu ndi yamiyala, chimanga chambiri chimachita kubwera pa sitima, ndipo chimene chimapirira m'minda mwathu ndi chinangwa. Kondowole amakhutitsa, sindimunyoza, tonse anatilera, koma zomanga thupi mu chinangwa n'zochepa kwambiri, zochepa kuposa m'chimanga. Mwana wa miyezi 8 ali ndi kamimba kakang'ono, ndiye tikakadzaza ndi phala lamadzimadzi la ufa wokha, wakhuta koma sanadye. Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala ake ayanikidwa pathandala panja pomwepa. Usipa wouma wosinja pamodzi ndi mitu ndi minga yomwe, supuni imodzi m'phala, umapereka zomanga thupi ndi zolimbitsa mafupa. Onjezerani nsinjiro, dzira, chigwada chophika bwino, mango m'nyengo yake, ufa wa malambe. Koma kangati timagulitsa usipa wonse kwa ogula a ku Nkhata Bay, mwana n'kumupatsa msuzi wokha? Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira. Kupinimbira sikupweteka, mwana salira nako, n'chifukwa chake timangoti ndi wamfupi ngati agogo ake.

Pali pamodzi pamene fanizo langali silifika. Ilala ikakusiya lero, ibweranso sabata yamawa. Masiku 1,000 oyamba a mwana, kuchokera pamene mimba yaima mpaka akwane zaka 2, sabwerera kumwera kudzatenga otsala. Ubongo umakula mofulumira m'nthawi imeneyi kuposa ina iliyonse, ndipo chakudya chake si phala lokha. Umafuna mawu, nkhope, masewera. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana wa miyezi 7 akamati "ba-ba-ba" akuponya chingwe kuti wina awakhe, ndipo mukamuyankha amaponyanso. Abambo amene mwachezera usiku wonse ndi chilimira, ndikudziwa kuti masana ndi anu ogona. Koma pamene mukusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, mukhazikeni pafupi, muzimutchulira zimene mukugwira: uwu ndi ukonde, iyi ndi nkhafi, uyu ndi kampango. Sakuyankhani lero, koma akusunga. Mawu oyamba amatuluka chapachaka chimodzi, ndipo pofika zaka 2 ana ambiri amalumikiza mawu awiri, monga "amama madzi". Mwana womva Chinyanja cha kuno kwa agogo, Chitonga kwa amake ndi Chingerezi kumkombaphala sasokonezeka mutu, amatola zonse.

Ngakhale pagombe, kudikira kuli ndi malire. Sitima ikachedwa maola, timacheza. Ikapanda kuoneka tsiku lonse, timayamba kuimba mafoni. Mwana akafika miyezi 3 osamwetulira, miyezi 4 khosi likadali lofooka, miyezi 9 osakhala yekha, kapena chaka ndi theka osayenda, nthawi yofunsa yakwana. Chimodzimodzi ngati sadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, satembenuka mukamuitana dzina, wafika chaka ndi theka opanda liwu ndi limodzi lomwe, kapena akugwiritsa ntchito mbali imodzi yokha ya thupi. Chachikulu kuposa zonse ndi kubwerera m'mbuyo: mwana amene ankalankhula n'kusiya, ankayenda n'kuleka popanda matenda oonekera. Si kuti zonsezi zikutanthauza chilema. Nthawi zina ndi khutu lotuluka mafinya, nthawi zina ndi kuchepa kwa magazi, zinthu zochizika. Koma zikadziwika msanga, thandizo limagwira bwino.

Ndiye pali zina zomwe si kuchedwa konse, koma madzi kulowa m'sitima: kukomoka, kukana kuyamwa, kusanza chilichonse, kupuma mobanika, kufooka mpaka osadzuka. Izi sizidikira kuti kuche, sizidikira abambo abwere kunyanja, sizidikira msonkhano wa akuchikazi ndi akuchimuna. Pitani ku chipatala cha St Peter's kapena chilichonse chimene muli nacho pafupi nthawi yomweyo. Kumbukirani kumene tikukhala. Matenda akafuna chipatala chachikulu, pakati pa ife ndi Nkhata Bay kapena Mzuzu pali nyanja, ndipo mwera sufunsa kuti m'botimo muli mwana wodwala.

Tsiku la sikelo likubwerali, tengani kabuku kaja, ngakhale kananyowa ndi mvula kapena mwana wadutsa kale zaka 2. Akamuyeza musangolandira n'kupinda. Afunseni alangizi akuonetseni ndi chala pamene mzere unali mwezi watha ndi pamene uli lero.