Ulendo wa Kalasi: Kukaona Malo Akale ndi Maso Athu

Abale ndi alongo otsogolera sukulu za akuluakulu ku Tsangano ndi ku Macanga, ambiri mwa inu mumadandaula kuti ophunzira akangodziwa kulemba dzina lao, amayamba kujomba. Cina cimene cimawathawitsa ndi cakuti tikuwawerengetsa nkhani za anthu ena, za kwina. Munthu wa imvi kumutu amafuna kuwerenga zimene zikumukhudza. Nkhani zoterozo zilipo, zili m'mitu ya agogo athu, ndipo caka ndi caka tikuziika m'manda. Nkhondo inatha mu 1992, koma inabalalitsa midzi, ndipo ana ambiri obadwira kothawira ku Malawi sanaonepo malo amene makolo ao ankapembedzerapo. Pa cifukwa cimeneci tikukupemphani kuti kamodzi pa caka mukonze kaulendo kakafupi ka kalasi yanu.

Tipite kuti?

Kwathu kuno kulibe nyanja yamcere. Kacalichi kakale kwambiri m'dziko lathu, ka Nossa Senhora do Baluarte, kamene kanamangidwa mu 1522, kali pa Ilha de Moçambique, kutali zedi, ndipo thumba lathu silingafikeko. Gombe lathu ife ndi Zambezi, ndipo zoona zilipo zambiri pafupi.

Coyamba ndi akacisi a makolo. Amishoni asanabwere, Acewa ankapempha mvula kwa Cauta kudzera mwa mizimu. Kacisi wamkulu anali ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, kumene kunkakhala Makewana. M'midzi munalinso timakacisi ta udzu patsinde pa mtengo waukulu, pothirira nsembe ya ufa ndi mowa. Funsani mfumu ya kwanu, mwina malowo ali mtunda wa ola limodzi pa miyendo. A kufupi ndi malire a Dedza akhoza kukaona zojambula za pa miyala ku Chongoni, malo amene UNESCO inawalemba m'kaundula wace mu 2006. Zofiira akuti n'za Akafula, zoyera n'za Acewa, ndipo zina mwa izo zimakhudza cinamwali.

Caciwiri ndi mamishoni. Abambo a cipani ca Yesu anatsegula Lifidzi ku Angónia mu 1908, ndi Fonte Boa kuno ku Tsangano mu 1945. Makolo athu ambiri anaphunzira a, e, i, o, u kumeneko. A ku Furancungo ali ndi mbiri yaoyao: ufumu wa Macanga, wa banja la a Pereira, umene Apwitikizi anaugonjetsa mu 1902, nthawi ya Chinsinga.

Cacitatu, ngati ndalama zalola, ndi mzinda wa Tete. Apwitikizi anakhazikika pamenepo m'zaka za m'ma 1530 cifukwa ca malonda a golide ndi minyanga. Padre Gonçalo da Silveira anadutsapo mu 1560 popita kwa Mwenemutapa, ndipo David Livingstone anafikapo mu 1856. Ophunzira akaone linga lakale la São Tiago Maior ndi mlatho wa Samora Machel, umene unatsegulidwa mu 1973. Kucokera apo, makilomita ngati 25 kumtunda kwa mtsinje, kuli Boroma, mishoni ya 1885, ndi calichi cace cacikulu ca pa phiri coyang'ana Zambezi. Amishoni a nthawi imeneyo, monga Padre Victor Courtois, ndiwo anayala m'mabuku malamulo ndi mau a Cinyungwe. Muwauze ophunzira zimenezi, adziwe kuti zilankhulo za kuno zinayamba kalekale kulembedwa.

Tikonzeke bwanji?

Nyengo yabwino ndi June kapena July, titakolola, misewu itauma. Ife a kumapiri tinazolowera kuzizira kumene kumabereketsa mbatata ya kacewere ndi tirigu. Ku Tete mu October kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye gogo mukamutengera kumeneko mwezi umenewo mudzabwera naye atalefuka. Tengani madzi ambiri ndi kamba wa panjira.

Za ndalama, yambani kusonkha miyezi itatu ulendo usanafike. Msungicuma akhale wophunzira, ndipo azilemba yekha maina ndi ndalama m'kope, n'kumawerengera kalasi yonse sabata iliyonse. Imeneyo ndi samu kale. Mtengo wa chapa mugwirizane ndi mwini wace tsiku lisanakwane, osati pokwera.

Za ulemu, musalowe malo a mizimu popanda cilolezo ca mfumu ndi wosunga malowo. Akati vulani nsapato, vulani. Musatole mbiya, mikanda kapena phale lililonse. Zojambula za pa miyala musazikhudze, musazithire madzi kuti zioneke bwino, ndiponso wina asalembepo dzina lace ndi makala pofuna kuonetsa kuti tsopano amatha kulemba. Mwina Mkhristu wina adzafunsa kuti, "Kodi si kupembedza mizimu kumeneku?" Muyankheni mofatsa kuti tikupita kukaphunzira mbiri, ndipo amene mtima wace sukumulola asakakamizidwe.

Nanga tikabwerako?

Apa ndiye pagona nchito. Wophunzira aliyense apite ndi kope ndi pensulo. Wongoyamba kumene akope mau asanu amene wawaona: dzina la pa cikwangwani, caka colembedwa pa khoma, dzina la mtsinje. Amene anapita patsogolo afunse nkhalamba ya pamalopo mafunso atatu: anamanga ndani, ankacitapo ciani, zinatha bwanji. Alembe monga mmene yayankhulira, osakometsa.

Pa phunziro lotsatira, lembani pa bolodi liu limodzi, monga kacisi. Ligaweni: ka-ci-si. Apange nalo mau ena: kaka, cisi, sika. Kenaka kalasi yonse ipange nkhani imodzi ya mizere khumi, inu muzingolemba zimene akunena. Nkhalamba ziwiri zikasiyana pofotokoza, lembani zonse ziwiri pamodzi ndi mudzi wa aliyense, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Nkhaniyo ikopedwe kawiri. Ina ikhale m'kalasi kuti obwera m'mbuyo adzaphunzirirepo kuwerenga, ina mukapereke kwa mfumu, ndipo wophunzira mmodzi akaiwerenge mokweza pabwalo. Gogo amene anakufotokozerani akhalepo tsiku limenelo, amve mau ace akucokera pa pepala, ndipo pamene mwalakwitsa akukonzeni.