Ufa wa Timabowo Wokola Madzi ndi Mpweya

Alimi nonse mukudziwa kuti fodya amene wauma gwa masana amafewa m'mamawa ngakhale mvula isanagwe. Chomufewetsa ndi chinyezi chimene chili mu mpweya. Tsono akatswiri a sayansi anapanga ufa wina wotha kukola chinyezi chimenechi, ndiponso mipweya ina, n'kusunga. Dzina lake pa Chingerezi ndi metal-organic framework, mwachidule MOF.

Kapangidwe kake

Taganizani za chigafa chopanda fodya: pali mphanda ndi mikangala, koma malo aakulu ndi mpata wokhawokha. Kanjere kalikonse ka ufawu kali chomwecho. Tizidutswa ta chitsulo, monga kopa kapena zinki, timalumikizidwa ndi timitengo ta kaboni, ndipo pakati pamatsala tizipinda tosaoneka ndi maso. Tizipindato n'tochuluka zedi: makoma ake, a ufa wa magalamu ochepa chabe, atati ayalidwe pansi angakute bwalo la mpira. Akatswiri amasankha kukula kwa timabowo kuti tizikola mpweya umene akuufuna.

Richard Robson wa ku Melbourne, Australia, ndiye anaonetsa njirayi mu 1989. Susumu Kitagawa wa ku Kyoto, Japan, anaonetsa mu 1997 kuti mpweya ungathe kulowa ndi kutuluka m'timabowomo. Omar Yaghi, amene anabadwira ku Jordan, anapanga mtundu wolimba wotchedwa MOF-5 mu 1999. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2025.

Ntchito zake

Yoyamba ndi kutunga madzi. Gulu la a Yaghi linayesa ufawu m'zipululu za ku America. Usiku umayamwa chinyezi, ndipo dzuwa likautentha masana umatulutsa nthunzi imene imasanduka madzi akumwa.

Yachiwiri ikukhudza inu mwini. Nthochi, mango ndi matimati zikamapsa zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene umene umapsetsa msanga zinzake. N'chifukwa chake nthochi zovundikiridwa sizichedwa. Mitundu ina ya MOF imakola mpweya umenewu. Mu 2016 kampani ina ya ku Belfast inatulutsa MOF wosunga mankhwala ochedwetsa kupsa, amene amagwiritsidwa ntchito m'nyumba yosungiramo zipatso.

Zoti muchite

Mitundu ya ufawu ilipo zikwizikwi, koma yambiri ikadali m'manja mwa ofufuza. Musadikire ufawo, phunziro lake ligwiritseni ntchito lero. Patulani zipatso zakupsa ndi zosapsa musanapite nazo ku msika, pakuti chimodzi chakupsa chimafulumizitsa dengu lonse. Dengu likhale pamthunzi, podutsa mphepo. Matumba a chimanga ndi mtedza musawagoneke pansi kapena kuwatsamiritsa kukhoma, koma muwasanje pa mitengo, chifukwa mbewu zouma nazo zimamwa chinyezi monga achitira fodya. Mbewu yochita nkhungu imatsika giredi, ndipo thukuta la chaka chonse limapita pachabe.